Nkhuni Zoothera Disembala Timawaza mu Febuluwale

Kuno ku Northumberland, kumpoto kwa England, midzi yambiri ilibe mapaipi a gasi. Nyumba imene tikuchita lendi, chakumadzulo kwa tauni ya Alnwick, imatenthetsedwa ndi mafuta a m'thanki ya kuseri, ndipo pabalaza pali chitofu chachitsulo cha nkhuni. Mafutawo akakwera mtengo, monga zinachitikira mu 2022 nkhondo ya ku Ukraine itabuka, chitofucho ndiye chimasenza banja lonse kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Koma munthu wokulira ku Malawi ayenera kuyamba waiwala zimene anazolowera, zoti mtengo ukadulidwa lero pakatha masabata angapo wauma. Kwathu dzuwa la mu Okutobala limamaliza ntchitoyo lokha. Kuno dzuwa ndi laulesi, mvula ilibe nyengo, ndipo chipika chikhoza kutha chaka chathunthu chikadali chachiwisi m'kati. Kudula sikuchedwa. Chimene chimadya miyezi ndi kuumitsa, ndipo zonse zimene ndimachita ndimachitira chimenechi.

Choyamba ndi kupeza mtengo, ndipo apa ambiri a ife timadabwa. Kuno kulibe thengo lopanda mwini. Mtengo ngakhale utagwa wokha m'mbali mwa msewu ndi wa mwini malowo, ndipo kuutola osapempha ndi kuba ndithu. Kugwetsa woimirira kulinso ndi malamulo ake. Kupatula ya pabwalo la nyumba yako, suloledwa kugwetsa mitengo yoposa makiyubiki mita 5 pa miyezi itatu popanda chilolezo cha Forestry Commission, bungwe la boma loona za nkhalango, ndipo ilipo ina imene khonsolo inaiteteza, moti ngakhale kusadza nthambi umayamba wapempha. Ine sindigwetsa mtengo woimirira. Ndimadalira yogwa kale, ndipo kuno siisowa. Usiku wa pa 26 Novembala 2021 chimphepo cha Arwen chinaomba pa liwiro la mamailosi 98 pa ola ku Brizlee Wood, pafupi ndi Alnwick pomwepa, ndipo chinasiya nkhalango zambiri zitagona. Mitengo imene inatsala m'mbali mwake inakhala pambalambanda, choncho chisanu chilichonse ina imagwa. Palinso matenda ofota a mitengo ya ash, amene anaonekera koyamba mu Britain mu 2012, ndipo akupha mitengo imeneyi m'mipanda ya mafamu ambiri.

Mkulu wa famu ya nkhosa yoyandikana nafe ali ndi mitengo yogwa yoposa manja awo. Pangano lathu ndi lapakamwa chabe: ndimachotsa imene yagwera mpanda kapena kutseka njira ya thirakitala, mulu umodzi ndimawasanjira iwo, wina ndi wanga. Ngolo ndi yawo, thukuta ndi langa.

Ntchitoyi ndimaigwira mu Januwale ndi Febuluwale. Masamba amakhala kulibe, ndiye umaona bwino nthambi iliyonse. M'mawa nthaka ikauma ndi chisanu, ngolo simatitimira m'matope. Kuyambira Marichi mbalame zimayamba kumanga zisa, ndipo lamulo la 1981 loteteza zachilengedwe limaletsa kupasula chisa chimene mbalame ikugwiritsa ntchito. Koma chifukwa chachikulu ndi chakuti nkhuni zowazidwa mu Febuluwale zimapeza mphepo ya Marichi ndi Epulo, kenako masiku aataliatali a Juni ndi Julayi. Amene wadula mu Ogasiti wachedwa kale, zakezo ndi za chaka chinacho.

Mtengo wozulidwa ndi mphepo ndi wachinyengo. Umaoneka wagona phee, pamene m'kati mwake wakungika. Ndisanalize chainsaw ndimauzungulira kaye, kuona pamene watsamira. Ukakhala kuti wagonera pa zinthu ziwiri, kumutu ndi kutsinde, pakati pali lende, ndiye kuti pamwamba ndi popanikizika. Pamenepo ndimacheka pang'ono pamwamba, n'kumalizira kuchokera pansi. Ukangocheka kuchokera pamwamba mpaka pansi, mtengo umatseka n'kuluma tcheni, makina n'kukanirira. Nthambi yolendewera mbali imodzi ndiye ndi zosemphana, umayamba pansi n'kumalizira pamwamba. Umene wazuka ndi mizu yake yonse, chidothi chili chiimire m'mwamba, sindiukhudza kutsinde. Thunthu likangoduka, chidothicho chimatha kubwerera m'dzenje mwake ndi mphamvu yoti munthu sangapulumuke. Zimenezo ndimasiyira anthu amene anaphunzira ntchitoyi, chimodzimodzinso ash wodwala amene adakali chiimire, chifukwa nthambi zake zimathyoka mosapereka chizindikiro.

Zovala zake sizokambirana. Buluku lake lili ndi ulusi m'kati umene umakola tcheni n'kuimitsa makina akakhudza mwendo. Pamakhala chipewa cholimba chokhala ndi sefa wa kumaso ndi zotseka m'makutu, nsapato zachitsulo kutsogolo, ndi magolovesi. Nsonga ya chainsaw, makamaka mbali yake yam'mwamba, isagunde kanthu, chifukwa makina amadumphira kumaso kwa wogwira. Ndipo sindipita ndekha, poti m'zigwa za kuno netiweki ya foni imasowa. Tcheni chakuthwa umachidziwa ndi zimene chikulavula: tizibenthu tokhuthala. Chikayamba kutulutsa fumbi losalala, chabuntha, ndipo ndimaima n'kunola ndi tupa. Kungokhudza dothi kamodzi n'kokwanira kuchibunthitsa, choncho chipika chogona pansi ndimacheka mpaka pafupi ndi dothi, n'kuchigubuduza, n'kumalizira mbali inayo.

Utali wa zipika zimene ndimadula ndi masentimita 25, malinga ndi kukula kwa chitofu chathu. Ndili ndi kandodo koyezera ndi choko. Yezani chitofu chanu musanacheke chilichonse, chifukwa kufupikitsa nkhuni zowaza kale ndi ntchito yotopetsa ndiponso yoopsa.

Kuwaza ndimachita sabata yomweyo. Anthu ambiri amasiya zipika zozungulira zitaunjikidwa, poganiza kuti zikuuma, koma khungwa ntchito yake ndi kusunga madzi, ndipo limapitiriza ntchitoyo ngakhale mtengo utafa. Madzi amangotulukira kumapeto kuwiri kokha. Ukawaza, watsekula mbali zina zoti mphepo ifikepo. Nkhwangwa ya kwathu ija, yopyapyala, yabwino pogwetsa ndi kusema, pa zipika izi imangolowa n'kukanirira. Imene imagwira ntchito ndi yamutu wonenepa, wolemera pafupifupi makilogalamu 3, imene imang'amba ndi kulemera kwake. Pa chitsa chowazirapo ndinakhomerapo tayala lakale la galimoto. Ndimaimika zipika m'kati mwa tayalalo mothinana, n'kumamenya mozungulira. Palibe chimene chimathawira kutali, palibe kuwerama pa nkhonya iliyonse, ndipo nkhwangwa ikaphonya imagunda labala. Msana umathokoza madzulo. Chipika chachikulu sindiyambira pakati, ndimabenthula m'mbali kaye. Cha mfundo zambiri ndimachiponya pambali, chidzalowa chathunthu m'chitofu zaka ziwiri zikubwerazo.

Mitengo nayo siifanana, ndipo ndimaisiyanitsa powaza pomwepo. Ash ndi wofatsa, amang'ambika mosavuta ndipo madzi ake ndi ochepa kuyambira pachiyambi. Sycamore amauma m'chaka chimodzi. Birch amayaka mokoma, ndipo khungwa lake lopyapyala ndi loyatsira moto labwino kwambiri, koma ukamusiya osawaza amafumbwa m'kati khungwa lili bwinobwino kunja. Spruce ndi larch, mitundu ya paini imene yadzaza nkhalango za kuno monga ya Kielder, imauma msanga ndi kupsa msanga. Ena amainyoza, koma ikauma ilibe vuto m'chitofu chotseka, kungoti imathetheka, ndiye pamoto wapoyera siyabwino. Oak ndiye wamakani. Amasunga moto usiku wautali, koma osam'patsa zaka ziwiri, amangofuka n'kudetsa galasi. Willow ndi poplar ndimatenga pokhapokha ngati zili panjira, chifukwa ndi madzi okhaokha, zikauma zimapepuka moti sizilipira mafuta a chainsaw.

Kenako kusanja, komwe ndiye mtima wa ntchito yonse. Khola langa la nkhuni ndinalimanga ngati nkhokwe: pansi pokwera, mpweya uzidutsa m'mbali, denga pamwamba. Pansi ndinayala mapaleti, pamwamba malata akale otuluka pang'ono kutsogolo, ndipo mbali zonse ndi zosatseka. Lili poyera, pamene mphepo ya kumwera chakumadzulo imawomba, osati pa mthunzi wa kuseri kwa nyumba. Mizere ndi iwiri yokha, pakati pali mpata wolowa dzanja. Kumapeto kwa mzere ndimasanja mopingasa, ziwiri uku ziwiri uko, kuti mulu usagumuke. Za mzere wapamwamba khungwa limayang'ana kumwamba.

Chaka china mvula itavumba sabata yonse mu Meyi, mayi a kunyumba anatuluka ndi lona. "Abambo, nkhuni zanuzi zikunyowa, bwanji tizifunditse mpaka pansi?" Ndinawapempha kuti tiphimbe pamwamba pokha. Mvula yowaza m'mbali imanyowetsa kunja kokha, ndipo ikakata mphepo imaumitsa tsiku limodzi. Lona wokutira mpaka pansi amatsekera chinyezi chochokera m'nkhuni momwemo, ndipo pofika Okutobala umapeza chuku. Pachifukwa chomwecho, galaja yotseka si malo a nkhuni zaziwisi.

Mu Seputembala ndimayeza. Zizindikiro zakale zimathandiza: ming'alu kumapeto, khungwa lomasuka, kupepuka, ndi kulira kwa gwaa ukagundanitsa ziwiri. Koma kachipangizo koyezera chinyezi sikadula, ndipo sikanama ukakagwiritsa ntchito moyenera. Ndimatenga chikuni cha pakati pa mulu, n'kuchiwazanso pakati, n'kubaya timano take tiwiri pa mbali yatsopanoyo. Ukabaya kunja kamakuuza zokoma zokhazokha. Mtengo wongodulidwa kumene theka la kulemera kwake limatha kukhala madzi. Chimene ndikufuna ndi 20 peresenti kapena kutsika. Nkhuni zouma chomwechi zimapereka kutentha pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi zaziwisi zolemera chimodzimodzi, chifukwa moto sutaya mphamvu pophwetsa madzi.

Malire a 20 amenewa alinso m'malamulo. Kuyambira Meyi 2021, mu England nkhuni zogulitsidwa pa muyeso wochepera makiyubiki mita 2 ziyenera kukhala zouma kufika pamenepo, ndipo zimakhala ndi chizindikiro cha Ready to Burn. Zopitirira muyeso umenewu akhoza kukugulitsa zaziwisi, bola akupatse malangizo a kaumitsidwe. Apa ndiye pali mwayi wa amene alibe famu pafupi kapena safuna za chainsaw: gulani zaziwisi zambiri mu Marichi pamtengo wotsika, muumitse nokha. Wogulitsa akanena za chithumba chachikulu chimene kuno amati dumpy bag, funsani muyeso wake, chifukwa zithumbazo sizifanana, ndipo nkhuni zongothira zimachepa kwambiri ukazisanja.

Abale amene muli m'mizinda, yambani mwafunsa khonsolo. Madera ambiri a m'tauni ndi oletsa utsi, mwambo umene unayamba ndi lamulo la 1956, pambuyo pa chiutsi chimene chinakuta London mu Disembala 1952 n'kupha anthu masauzande. Masiku ano mu England chumuni chofuka m'dera loletsedwa chikhoza kukulipiritsa mapaundi 175 mpaka 300. Ndipo ndinene maganizo anga: utsi wa nkhuni, ngakhale zouma, ndi woipa m'mapapo. Amene ali ndi gasi, nyumba zili zothithikana, sakufunika chitofu chimenechi. Matabwa opaka penti, a mipando yakale, ndi opaka mankhwala oteteza kufumbwa, amenewo asalowe pamoto paliponse.

Moto woyamba usanayake, wosesa chumuni amabwera. Ndimam'itanitsa mu Ogasiti, chifukwa kukangoyamba kuzizira aliyense amam'funa. Utsi wa nkhuni zosauma umasiya phula m'chumuni, ndipo phulalo likachuluka limagwira moto. Amaonanso ngati mbalame za jackdaw, zangati akhwangwala ang'onoang'ono, sizinaunjikemo timitengo ta chisa. Akamaliza amapereka kalata, imene mwini nyumba ndi a inshulansi amaifuna. Tsiku lomwelo ndimadina batani la alamu yochenjeza za carbon monoxide, mpweya wa poizoni wopanda fungo wochokera pamoto. Ife a ku Malawi sitifunika kuuzidwa zambiri za mpweya umenewu, tonse tinamvapo za anthu amene anagona ndi mbaula m'chipinda chotseka mu Juni osadzukanso.

Mawotchi akabwezedwa ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, mdima umayamba kugwa anthu asanaweruke, ndipo pofika Disembala 4 koloko kumakhala kwada. Kukatenga nkhuni kukhola ndi tochi mvula ili pamsana si zabwino, ndiye ndimasuntha za sabata imodzi ndi wilibala kuika pakhonde, ndipo za masiku awiri zimalowa m'dengu pabalaza, patali ndi chitofu. Ndimayamba ndi spruce ndi sycamore kuzizira kusanafike poipa, oak ndimasungira Januwale. Poyatsa, zikuluzikulu ziwiri zimakhala pansi, tinkhuni toyatsira pamwamba, moto n'kuyambira pamwambapo kutsika. Chumuni chimatentha msanga ndipo utsi umachepa. Mpweya sindiutsekeratu pofuna kuti moto ugone mpaka m'mawa, chifukwa moto wonyeka mobanika ndi umene umapanga phula.

Phulusa ndimasiyako pang'ono pansi pa chitofu, poti nkhuni zimayaka bwino pa phulusa. Lotsalalo limapita m'ndowa yachitsulo yokhala ndi chivundikiro, ndipo ndowayo imakhala panja, pa simenti. Makala obisala m'phulusa amatha kukhala amoyo masiku angapo, akutulutsabe mpweya woipa uja, choncho m'bini lapulasitiki kapena m'khitchini ndowayo siyandikirako. Likazizira ndimathira pang'onopang'ono pa mulu wa manyowa.