Kupeza khansa ya m'matumbo ndi ya kummero isanakule

Kuno ku Kasungu, munthu amene wayamba kuvutika kumeza nsima amayamba wafewetsa chakudya, kenako amangomwa phala, ndipo pamene akutumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kuti madokotala akamuunike ndi kakamera kolowetsa pakhosi, chotupa chimakhala chitakula kale. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yofala kwambiri padziko lonse.

Koma pali njira zatsopano zopezera khansa isanakule. Maselo a khansa akamafa amasiya tizidutswa ta DNA (uthenga wa chibadwa umene uli m'maselo) m'magazi ndi m'chimbudzi, ndipo akatswiri amatha kutizindikira mu labotale popanda kulowetsa chipangizo m'thupi la munthu. Ku America, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ndi zakudya la FDA linavomereza Cologuard mu 2014, njira imene munthu amatenga chimbudzi chake kunyumba n'kuchitumiza kukayezedwa, ndipo mu 2024 linavomereza Shield, yoyeza magazi. Zonsezi ndi za khansa ya m'matumbo aakulu, ndipo zotsatira zikasonyeza vuto, munthu amafunikabe kuunikidwa ndi kamera kuti atsimikizire.

Nkhawa yanga yagona apa: pa khansa ziwirizi, imene ikusautsa kwambiri anthu athu ndi ya kummero, ya mtundu wa squamous (yoyambira m'maselo opyapyala okuta mkati mwa njira ya chakudya), yosiyana ndi imene imakonda kupezeka ku Ulaya ndi ku America. Ndikulakalaka kafukufuku wa njira zoterezi atachitikira pakati pa Amalawi, kuti tsiku lina namwino wa pachipatala chaching'ono cha kumudzi adzathe kutenga magazi a mlimi wa fodya amene sanayambe n'komwe kudandaula za kumeza.