Mmene tinapezera mjigo m'mudzi mwathu

Kwathu kuno ku Ntchisi tinkatunga madzi pa chitsime cha kudambo, pomwe ng'ombe nazonso zinkamwera. Mu Okutobala chikaphwa, amayi tinkalawirira tambala woyamba, n'kumakapala madzi mumchenga ndi chikho mpaka ndowa idzaze. Tinazolowera. Chimene chinatidzidzimutsa ndi kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ine ndinasankhidwa kukhala mlembi wa komiti ya mjigo, choncho njira yonse ndinaiyenda ndi mapazi anga.

Poyamba tinkaganiza kuti tingolembera kalata bungwe lina lililonse lothandiza. Mlangizi wa zaumoyo anatiseka. Anati mabungwe ambiri amadzera ku khonsolo, ndipo amapita kumene mapulani a boma alozera. Ndiye tinayambira pabwalo la amfumu, tinagwirizana kuti vuto lathu lalikulu ndi madzi, osati mlatho kapena sukulu ya mkombaphala. Pempholo tinalipereka ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, iwo anakalitula ku ADC, komiti ya chitukuko ya kwa T/A, kenako linafika ku khonsolo. Chimene chinatithandiza kwambiri ndi kaundula wa mlangizi uja: mabanja angati, anthu angati, mjigo wapafupi uli patali bwanji. Boma limawerengera kuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, ndipo ife tinkapitirira pamenepo popanda ndi umodzi womwe.

Kenako kunali zii kwa chaka chathunthu. Ine ndinkangopita kukakumbutsa apampando a VDC mpaka anayamba kundizemba.

Tsiku lina galimoto ya bungwe lina inabwera pamodzi ndi a ku ofesi ya zamadzi. Sanabwere kudzangopereka mphatso ayi. Anatiuza kuti tisankhe komiti ya anthu 10, amayi akhale ambiri, tiumbe njerwa, titute mchenga, tiswe miyala, komanso tisonkhe ndalama yoyambira thumba lokonzera mjigo. Abambo ena anang'ung'udza kuti thandizo lanji lokhala ndi thukuta. Amfumu anangoti, "Walira mvula walira matope," ndipo m'mawa mwake ngolo zinali kumtsinje.

Nkhani ya malo ndiyo inatsala pang'ono kugawa mudzi. Aliyense ankafuna mjigo pakhomo pake. Akatswiri anabwera ndi makina awo a nthambo, kukhomera zitsulo pansi uku akuwerenga manambala, chifukwa madzi apansi satsata zofuna za munthu. Panalinso malamulo: mjigo utalikirane ndi chimbudzi mamita osachepera 30, usakhale pafupi ndi manda kapena khola. Malo abwino anapezeka m'mphepete mwa munda wa agogo ena. Ndinapita ndekha kukagwada.

"Agogo, mudzi ukupempha kamalo aka."

"Mwana wanga, tengani. Koma mulembe, ndidinde chala amfumu akuona. Ine ndikapita, adzukulu anga asadzakuvuteni."

Nzeru imeneyo sinali yanga, koma pepalalo ndimalisunga mpaka lero m'pulasitiki.

Chigalimoto chokumba chitafika, ana sanapite kusukulu. Dzenje loyamba linangotulutsa fumbi ndi miyala, ndipo anthu anayamba kale kunong'onezana kuti pali wina wamanga madzi. Okumbawo anasuntha pang'ono chakumunsi. Tsiku lachiwiri masana matope anathovoka, kenako madzi, amayi n'kuyamba nthungululu. Atafika mamita 45 analowetsa mapaipi, kuthira timiyala m'mbali, n'kupopa kwa maola angapo kuti aone ngati madzi sakuphwa. Ena anawatengera m'mabotolo kukawayeza, ndipo m'dzenjemo anathiramo klorini. Apa ndikulangizeni: munthu wa m'komiti asachoke pamalopo. Muziwerenga mapaipi amene alowa pansi ndi matumba a simenti, n'kulemba m'kope. Amisiri anamanga pothira madzi, ngalande, pochapira ndi dzenje la miyala lomwera madzi otayika. Simenti itauma anaika pampu ya mtundu wa Afridev.

Komiti yonse tinaphunzitsidwa kwa masiku angapo. Ine amene ndinali ndisanagwirepo sipanala ndinaphunzira kumasula mutu wa pampu, kutulutsa ndodo zachitsulo imodziimodzi, ndi kusintha kamphira kotchedwa U-seal, kamene kakatha mumapopa mpaka phewa kuwawa madzi osabwera. Anatiuza kuti chogwirira chikayamba kugwedera, mabushi, timapulasitiki timene chogwiriracho chimayendapo, atha, musadikire. Paipi ikang'ambika pansi, imeneyo si ntchito yathu, tiziitana mekaniki wa m'dera amene anaphunzitsidwa, ndipo timulipire.

Ndimaganiza kuti tamaliza. Ayi ndithu, vuto lenileni linali lisanayambe. Tinagwirizana kuti khomo lililonse lizipereka kangachepe pamwezi, kupatula okalamba okhala okha. Miyezi itatu yoyamba anthu anapereka. Wachinayi ndikayenda ndi kope langa ndinkamva kuti, "Mjigo ndi wa bungwe, ukafa adzakonza eni ake." Ena ankati madzi ndi a Mulungu, sagulitsidwa. Ndalama zochepa zimene zinalipo msungichuma anabwereketsa pa maliro, mwachifundo ndithu, koma sizinabwerere. Mjigo utayamba kuvuta m'thumba munalibe kanthu. Kamphira kotsika mtengo kanatibwezera kudambo milungu iwiri, ndipo ana awiri anatsegula m'mimba.

Msonkhano wotsatira unali wowawa. Kumeneko tinasintha zinthu ziwiri. Thumba la mjigo tinalilowetsa ku banki mkhonde ya amayi, m'bokosi la maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana. Wobwereka amabweza ndi chiwongoladzanja, ndipo gawo lina silibwereketsedwa zivute zitani. Ndimawerenga ndalamazo mokweza pabwalo mwezi uliwonse, ngakhale anthu atabwera asanu. Chachiwiri, madzi otayika tinawakhotetsera ku kadimba kotchinga ndi mpanda wa udzu, chakumunsi kwa mjigo. Timadzala mpiru, tomato ndi anyezi, kuthirira mosinthana, n'kumagulitsa pa tsiku la msika. Si ndalama zambiri, koma zimagula timphira ndi mabushi tisanafike posowa. Amene alibe ndalama amapereka mbale ya chimanga pokolola, kapena amagwira tsiku limodzi kudimba.

Sabata yatha pampu inayambanso kulemera. Tinaimasula ine ndi amake Chisomo dzuwa lisanakwere, abambo atatu akutigwirira ndodo, tinasintha kamphira kamene tinali tagula kale. Pofika nthawi yophika nsima mzere wa ndowa unali utabwerera, ndipo agogo aja anatumiza mdzukulu ndi chigubu chawo kuti tiwatungire poyamba.