Chigoba chotupa ndi sikelo ya ufa

Tulo takana. Nthawi yapitirira 1 koloko ndipo ndidakali patebulo la kukhitchini, kachigoba ka chipolopolo kali m'manja, ndikungokatembenuzatembenuza ngati kandiuza china chatsopano.

Anakatola ndi mdala wina masana aja. Tinali kumalo owomberako mfuti, kunja pang'ono kwa mzinda wa South Bend ku Indiana, m'dziko la America, pa mpikisano wa mbale zachitsulo: mbale zisanu, munthu kumbuyo kwako atagwira kamakina kowerengera nthawi, kakalira basi uyambepo. Kunja kunazizira mwa Indiana, zala zochita kuuma gwa. Ine nditamaliza chigawo changa ndinkatolera zigoba pansi, ndiye ndinangoona mdalayo wawerama pambali panga, watola chimodzi, n'kuchiyang'anitsitsa padzuwa nthawi yaitali. Kenaka anandipatsira osanena kanthu, chala chake chikuloza kumunsi, pafupi ndi thako la chigobacho. Panali potupa. Pang'ono chabe, ngati kamimba ka mwana wokhuta phala, ndipo mbali imodzi inali bii ndi mwaye.

"Mnyamata, mwaikamo chiyani m'paipimu?"

Ndinayankha mokhala ngati ndikudzitama. Buffer ya H3, ndinatero, kutanthauza kachitsulo kolemera kokhala m'paipi ya kumbuyo kwa mfuti, komanso sipuling'i yolimba ya mfuti yaikulu ya .308, poti ndinawerenga kuti imachepetsa kumenya paphewa. Anangopukusa mutu. Kupukusa kwake ndi kumene kwandisowetsa tuloku.

Kwa amene simuidziwa, mfuti yangayi ndi yamtundu wa AR, ya zipolopolo za 9mm, zomwe kuno amati PCC: mfuti yaitali, mpope wa mainchesi 16, koma imadya zipolopolo za pisitola, magazini ake a Glock. AR wamba ya zipolopolo za 5.56 ili ndi mano otsekera bolt, chitsulo chotseka kumbuyo kwa chipolopolo, mpaka mpweya wa onga utaitsegula. Yangayi ilibe chotsekera chilichonse. Chipolopolo chikaphulika, chigoba chimakankha bolt molunjika, ndipo chimene chimaichedwetsa kubwerera ndi kulemera kwake basi, kuphatikizapo kwa buffer imene ili kumbuyo kwake. Zimenezi ndinkazidziwa. Kapena ndinene kuti ndinkaziloweza.

Mdala anati sipuling'i ndiiwale kaye. Chipolopolo cha 9mm chimatha kufika mphamvu ya 35,000 psi (muyeso wa kukankha kwa mpweya), pamene sipuling'i, bolt ikakhala yotseka, imangokankha ndi mphamvu ya mapaundi ochepa. Pa kanthawi kamene chipolopolo chidakali mumpope, sipuling'iyo ilibe mawu. Wolankhula ndi kulemera. Bolt ikapepuka imanyamuka msanga, chigoba n'kutuluka moto usanazime, mkuwa n'kutupa pamene palibe chitsulo choutchinga. Akulankhula choncho ine m'mutu munabwera ngolo ya agogo kumudzi. Yopanda kanthu ng'ombe zikangogwedeza mutu yasuntha kale, koma yodzaza chimanga imayamba yaganiza kaye. Sindinawauze. Ndikanayambira pati kufotokoza ngolo?

Ndiye sipuling'i yanga yodula ija imachita chiyani? Imabweza bolt kutsogolo mwaukali, phwaa, mpope n'kugwada, kadontho kofiira ka pagalasi lolozera n'kumira pansi pa mbale. Miyezi itatu ndakhala ndikudandaula kuti kadontho kakumira. Matenda ndinagula ndekha, ndi ndalama zanga.

Anandikokera kutebulo lokonzerapo mfuti, kumene saloleza kugwira chipolopolo ngakhale chimodzi, n'kutsegula kabokosi kake ka pulasitiki. Munali ma buffer asanu kapena asanu ndi limodzi, ogonekedwa bwino pansalu. Anatenga imodzi, ya ma ounce 8, n'kuigwedeza pafupi ndi khutu langa. Khotcho khotcho. Anati mkatimo muli tizitsulo ta tungsten tosuntha, timene timafika mochedwa pang'ono bolt ikatseka, n'kuipondereza kuti isadumphe. Anaiyandikizitsa ndi yanga. Yake yaitali mainchesi 4, yanga 3.25. Chipolopolo cha 9mm n'chachifupi, ndiye ndi buffer yaifupi bolt imapita kutali mopitirira, n'kubwera ndi liwiro kudzamenya kachitsulo koigwira magazini akatha, mpaka tsiku lina kamathyoka. Anati ena amangoponya makobidi a quarter pansi pa paipi kuti atseke mpatawo. Anaseka yekha. Ine ndinaseka mochedwa.

Tinasintha, n'kubwezeramo sipuling'i wamba ya carbine. Ndinawombera magazini amodzi. Zigoba zinatuluka zowongoka, ndipo utsi wonunkha uja umene umandilowa m'maso unachepa. Mfuti inasiya kumenya, inayamba kukankha, pang'onopang'ono ngati munthu wofuna njira mumsika. Ndinamva kukoma mumtima. Koma kamakina kanati masekondi 3.4, ofanana ndendende ndi am'mawa.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndili m'tulo. Koma nditamubwezera buffer yake n'kuikamo zanga zakale, anapempha kuti ayeseko. Munthu wa imvi mbuu, wovala magalasi okhuthala, mwendo umodzi akuchita kukoka. Ndi H3 yomweyo, sipuling'i yolakwika yomweyo. Ngwe ngwe ngwe ngwe ngwe. 2.6. Anachotsa magazini, n'kuonetsa kuti mulibe kanthu, n'kundipatsa.

"Buffer mugule ndithu, chifukwa cha nkhope yanu ndi zigobazo. Koma kadonthoko, theka lake ndi phewa lanu ndi dzanja lakumanzere."

Sananene mwachipongwe ayi. Bwenzi zili bwino akananena mwachipongwe, ndikanapeza pokwiyira.

Sindikudziwa chifukwa chake zandilowa chonchi. Mwina n'chifukwa choti m'kabati muli kale masipuling'i atatu, iliyonse ndinaigula usiku ngati uno, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti imeneyi ndiye yomaliza. Ndinasiyanso zipolopolo zolemera ma grain 115 n'kuyamba za 147, poti zolemera zoyenda pang'onopang'ono zimamveka zofewa koma zimakwanabe pa 125 imene a USPSA, bungwe loyendetsa mipikisano ya mfuti, amafuna ukachulukitsa kulemera ndi liwiro n'kugawa ndi 1,000. Masamu onsewa ndimawatha. Chimene sindichita ndi kuimirira m'galaja mphindi khumi madzulo, mfuti yopanda chipolopolo, kuphunzitsa phewa. Zimenezo sizibwera m'kabokosi pakhomo, sizisangalatsa. Pobwerera pagalimoto ndinafika mpaka poganiza zongogulitsa yonseyi n'kugula ya ma roller, monga JP-5, yochedwetsa bolt mwa njira ya mfuti ya MP5 m'malo modalira kulemera. Nditakumbukira mtengo wake ndinayatsa wailesi.

Kunyumba ndinadikira anthu adye. Kenaka ndinatenga sikelo ya mayi akunyumba, imene amayezera ufa wa mandasi, n'kuyala kapepala pamwamba. Bolt: ma ounce 14.5. Buffer: 5.4. Zonse pamodzi sizinafike ngakhale 20, pamene odziwa ambiri amati pa 9mm yotere uzisaka 22 mpaka 24. Ndi ya mdala ija ndikanakhala pa 22.5. Kusiyana kwake ndi magalamu 70 ndi kanthu, osakwana n'komwe ufa wa mandasi awiri atatu. Ndili mkati mowerengera analowa.

"Inu, zitsulo zanu zamafutazo pasikelo yanga?"

"Ndayala pepala."

"Mawa mandasi akanunkha galaja mudya nokha."

Anayang'ana manambala ndinalemba kuseri kwa envelopu, n'kufunsa kuti tsopano chikufunika kugulidwa n'chiyani. Sanafunse ngati chilipo. Anafunsa kuti n'chiyani. Ndinati kachitsulo kamodzi kokha, ndipo anangoti "Ehe," n'kuzimitsa nyale yapakhonde.

Amayi kumudzi sadziwa n'komwe kuti ndili ndi mfuti. Kwa iwo mfuti ndi ya apolisi, asilikali, ndi gogodera wa malemu amalume wothamangitsira anyani kumunda. Nditawauza kuti mwana wawo sakugona chifukwa cha magalamu 70 angaitane abusa.

Foni ili apa, ma buffer awiri ndawaika kale m'dengu, ya ma ounce 8 ndi ya 10. Ena amati ukalemeretsa kwambiri mfuti yonse imayamba kugwedezeka uku ndi uku chifukwa cha chitsulo chothamanga mkatimo, ndiye kadontho kamavinanso mwa mtundu wina. Mdala sindinamufunse za 10. Sindinamufunsenso kuti dzanja lakumanzere likulakwitsa chiyani kwenikweni, likugwira molimba kwambiri kapena mofooka, kutsogolo kwambiri kapena ayi. Ndinangoti zikomo n'kumapita ngati ndamva zonse. Kachigoba aka ndikakaimika patebulo kamapendekera mbali imodzi. Sikelo ndaipukuta kawiri, koma ndikainunkhiza ikumvekabe mafuta.