Kuika venti m'nyumba ya lendi: khoma silivuta, wovuta ndi ejenti

Venti zalowa ndipo chipinda chasiya kununkha chuku, koma ntchito imene mmisiri amamaliza m'mawa umodzi inachedwa chifukwa cha ejenti wa nyumba. Ndiye musakhudze khoma la mwini wake musanalandire chilolezo cholemba. Uthenga wa pa WhatsApp ndi wokwanira, bola utchule chipinda chake, kuchuluka kwa mabowo ndi amene alipire. Kwa ine a landilodi anavomera pafoni, simenti ndagula, mmisiri wafika ndi zida, kenaka ejenti akutulukira kuti iwo sanauzidwe, tikaboola adula pa dipoziti. A landilodi foni osayankha. Tsiku lonse linathera pakhonde, mmisiri n'kumupatsabe ya transipoti. Ejenti omwewo ukawaonetsa khoma lakuda amangoti, “Muzitsekula mawindo.” Mu June, chiperoni chikuwaza usiku wonse, windolo atsekule ndani?

Musanaboole, dziwani kumene chinyezicho chikuchokera, chifukwa venti imathandiza pa mtundu umodzi wokha. Dulani pulasitiki wa masentimita 30 mbali zonse, mumumate ndi tepi pamalo ponyowapo, mbali zinayi zonse, mudikire masiku awiri. Madontho akapezeka kunja kwa pulasitikiyo, ndi nthunzi ya m'nyumba momwemo: mpweya wa anthu ogona, madzi osamba otentha, zovala zoyanika m'kati, zonse zikafika pakhoma lozizira zimasanduka madzi. Apa venti igwira ntchito. Akapezeka kuseri kwa pulasitiki, mbali ya khoma, madzi akuchokera m'khoma. Penti ikamafufuma m'munsi, kawirikawiri osapitirira mita imodzi kuchokera pansi, n'kumatuluka ufa woyera wonga mchere, madziwo akukwera kuchokera m'maziko, mwina omanga sanaike pepala lakuda lija loletsa chinyezi kukwera, lotchedwa DPC. Nyumba zambiri za m'mapiri ku Ndirande, Soche ndi Bangwe khoma lakumbuyo limagundana ndi mtunda, ndipo mvula ya November mpaka April imaima pomwepo. Zimenezo n'zofuna ngalande, ndipo ndi za a landilodi. Mungaboole mabowo khumi, sipauma.

Venti imakhala m'mwamba, chifukwa mpweya wofunda ndi wonyowa umakwera. Koma pamwamba pa mawindo pamadutsa lintala kapena bimu ya konkire yokhala ndi zitsulo, imeneyo musaigunde ngakhale mmisiri atanena kuti palibe vuto. Boolani m'mizere ya njerwa ya pamwamba pa bimu, pansi pa siling'i, ndipo mutalikirane ndi ngodya masentimita 30 kapena kuposa. Venti imodzi payokha sikoka mpweya kwenikweni. Zikhale ziwiri pa makoma oyang'anizana, apo ayi chitseko chikhale ndi mpata wa sentimita imodzi pansi pake. Chiperoni chimabwera ndi mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, choncho ngati malata sanatuluke mokwanira mbali imeneyo, sankhani khoma lina.

Zogula n'zochepa. Venti za konkire za mainchesi 9 kwa 6 zimapezeka m'mahadiweya a ku Limbe ngakhalenso kwa oumba mabuloko m'misewu. Khoma la mainchesi 9 limafuna ziwiri pa bowo limodzi, ya kunja yokhala ndi timipata topendekera pansi, ya m'kati ya pulasitala kapena pulasitiki. Onjezani waya wa sefa woletsa udzudzu, wosachita dzimbiri ngati mwaupeza, mchenga wa kumtsinje wosefa ndowa imodzi, ndi simenti ya pa kilo. Thumba lonse la makilogalamu 50 n'kutaya ndalama, lotsalalo lidzaumira m'nyumba yonyowayo.

Ndabwereranso kwa ejenti, chifukwa apa mpomwe anandikwiyitsa kachiwiri. Chilolezo chitabwera anayamba zoti malisiti a kwa oumba mabuloko sawadziwa, sangachotsere pa lendi. Nanga woumba venti m'mphepete mwa msewu ali ndi chidindo? Choncho mu uthenga uja mulembenso ndalama yonse imene mwagwirizana, zipangizo ndi mmisiri, komanso mwezi umene idzachotsedwe. Jambulani khomalo lisanaboolewe ndi litatha. Zapakamwa ayi.

Tsiku loboola thimitsani magetsi pa main switch. Mawaya amayenda m'mapaipi okwiriridwa m'pulasitala, kuchokera pa switchi kapena soketi kulunjika m'mwamba, ndiye bowo lisakhale pamwamba pa zimenezi. Mbali ya bafa kumbukiraninso mapaipi a madzi. Lembani malo ndi pensulo ndi levulo, bowo likule sentimita imodzi mbali iliyonse kuposa venti. Ngati pali girayinda, yambani mwadula mzere m'pulasitala mbali zonse ziwiri, kuti asagamuke chigamba chachikulu chimene ejenti adzachiwerengere pa dipoziti. Kenaka tchizulo ndi hamala, kuchotsa matope a pakati pa njerwa kaye, njerwayo ituluke yokha. Nyumba zambiri za lendi zinamangidwa ndi dothi, simenti ili m'pulasitala mokha. Mukamenya mwamphamvu njerwa zoyandikana zimagwedera ndipo mng'alu umathamanga mpaka pa windo. Khoma likakhala la mabuloko a mphako, tsekani mphakozo ndi matope m'mbali mwa bowo, kupanda kutero mpweya ndi mphemvu zizingoyenda m'kati mwa khoma.

Matope ake ndi muyeso umodzi wa simenti pa miyeso inayi ya mchenga, olimba pang'ono, osati amadzimadzi. Nyowetsani njerwa za m'bowomo musanapake, chifukwa njerwa youma imamwa madzi a simenti, venti n'kudzagwedera pakapita miyezi. Pansi pa bowo pakhale popendekera kunja kuti dontho lililonse lolowa lituluke. Sefa ikhale kuseri kwa venti ya kunja, yopindidwa m'mbali n'kugwidwa ndi matope. Muyang'anitsitse mmisiri poika ya kunjayo, timipata tiloze pansi. Akaitembenuza mwadzipangira ngalande yolowetsa mvula kuchipinda. Wazani madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu, ndipo penti idikire mpaka chigambacho chitayera.

Chuku chakalecho sichichoka chokha. Tsukani ndi Jik wosungunula, muyeso umodzi pa miyeso inayi ya madzi, mawindo ali otsekula, ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira. Popaka gwiritsani ntchito penti ya madzi ya PVA. Penti ya oyilo imatsekera chinyezi m'khoma, kenaka imasupuka. Wodiropu ndi bedi zisunthidwe masentimita 10 kuchoka kukhoma, chifukwa kuseri kwake mpweya sufikako ngakhale venti ilipo.

Kukazizira mu July anthu amatseka venti ndi nyuzi kapena masokosi, pomwe imeneyo ndiyo nyengo imene ikufunika kwambiri. Komanso venti si chilolezo chogona ndi mbaula m'chipinda: makala amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, ndipo timabowo timeneti sitingauchotse. Sefa ija muziipukuta ndi burashi mvula isanayambe, fumbi ndi akangaude zimaitseka. Uthenga wa a landilodi uja muujambule n'kuusunga pena, foni ikatayika ejenti adzakana kuti sanauonepo.