Ndayambiranso kukonza ndege ija patatha miyezi 14

Loweruka lapitali ndinavundukula lona pa ndege yanga ya Zenith CH 701 kwa nthawi yoyamba chisamukireni kuchoka ku Area 47, ndipo choyamba kundilandira chinali chisa cha mavu m'kati mwa phiko lakumanzere. Ndegeyi ndinaigula ili yowonongeka kale kwa munthu amene anaimanga yekha. Inatera mwamphamvu pabwalo ladothi, mwendo wakutsogolo unapindika, pulopela inagunda pansi, ndipo chipupa chachitsulo chimene chimalekanitsa injini ndi pokhala anthu chinachita makwinya m'munsi mwake.

Ntchito inaima bambo anga atayamba kudwala. Atatisiya, tinawatenga mayi kuti tizikhala nawo, ndipo popeza nyumba yalendi ija inatichepera, tinasamukira ku Lumbadzi, kumene ndege zonyamuka pabwalo la Kamuzu timazimva tili pakhonde. Mapiko anabwera pa lole atagonekedwa pamatiresi awiri, ine nditakhala kumbuyo komweko kuwagwirira pa bampu iliyonse.

Masiku awiriwa ndawathera pochotsa chipupa chija. Chris Heintz, amene anakonza pulani ya ndegeyi ndi kuitulutsa mu 1986, anasankha malata a aluminiyamu a mtundu wa 6061-T6 olumikizidwa ndi ma rivet (timisomali tolumikizira malata) okokera mbali imodzi, n'chifukwa chake munthu mmodzi angathe kuimanga ndi zipangizo zamanja, ngakhale magetsi atazima. Kuchotsa ma rivet amenewa ndiye kumafuna mtima wodekha. Umaboola kamutu kokha mpaka kataduka, kenako n'kukankhira chotsalacho m'kati, ndipo dzanja likangopendekeka pang'ono bowo limakula. Ndakulitsa mabowo atatu, onse madzulo nditatopa, moti pamenepo ndidzaika ma rivet okulirapo a A5 m'malo mwa A4, nditayamba ndayeza ngati mpata wofika m'mphepete mwa lata ukukwanabe.

Mmisiri wina wowongola magalimoto, munthu waluso ndithu, anandiuza kuti makwinya amenewo akhoza kuwamaliza ndi nyundo tsiku limodzi. Ndinaganizira mawu akewo usiku wonse, chifukwa chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse choitanitsa ku fakitale ya Zenith ya ku Missouri, ku America, chakwera mtengo kwambiri, ndipo ndalama zimene ndinasunga zinathera kuchipatala ndi pamaliro. Komabe ndakana. Chipupa chimenechi ndi chimene chimanyamula mwendo wakutsogolo, ndiponso zitsulo zogwira injini zimamangidwa pomwepo, choncho chitsulo chimene chinapindikapo kamodzi sindingachikhulupirire ndi moyo wa munthu. Ndidikira chatsopano, kaya chifika chaka chamawa.

Injini, ya Rotax 912, sindiitsegula ndekha. Pulopela ikagunda pansi giyabokosi imayenera kuyezedwa ndi wodziwa, ndipo mapaipi onse a labala amasinthidwa pakatha zaka 5, zimene zinakwana kale ndegeyi ili chikhalire.

Pochotsa lata lapansi ndinapeza kachidutswa ka tepi kolembedwa ndi dzanja la bambo, manambala a mabowo amene tinawerengera limodzi iwo atandigwirira tochi. Ndinakhala pansi kanthawi ndithu osagwira kanthu. Mayi atandipeza choncho sanafunse zambiri, anangotenga lichero n'kukhuthuliramo tizitsulo togwirizira malata tija timati ma cleco, n'kuyamba kutisankha monga amasankhira nyemba, tofiirira mbali iyi, takuda mbali inayo. “Mwanawe, bambo ako ankati akufuna adzaione ikuuluka. Ukamaliza udzandikweze ineyo,” anatero, maso ali palichero.

Tepiyo ndaisiya pamalo pake. Loweruka likubwerali ndichotsa mavu aja m'mamawa kusanatenthe, kenako nditsegula phiko lakumanzere kuti ndione ngati chinyezi cha dzinja lapitali chinadya aluminiyamu m'kati.