Mtayakhasu ndi kasinthasintha: zomwe ndadutsamo kuno ku Santhe

Chimanga chalowa m'nkhokwe, soya ndagulitsa, tsopano mtima wakhala pansi. Alimi anzanga a ku Kasungu amene mukufuna kusiya kuunga mizere n'kuyamba mtayakhasu, ulimi wosagalauza nthaka koma kuiphimba ndi mapesi, tamverani.

Munda ndinaugawa patatu, chimanga, soya ndi mtedza wa CG7, ndipo chaka ndi chaka mbewuzi zimasinthana malo. Phindu lagona pamenepo. Soya ndi mtedza sizifuna urea, ndiye ndalama ya matumba amenewo simuitulutsa. Chimanga chobzala pomwe pachoka soya chimabiriwira, kaufiti naye amachepa. Za aganyu ogalauza ndi kubandira ndinaiwalako. Pobzala chimanga ndimangokoka chingwe, masentimita 75 pakati pa mizere, 25 pakati pa mapando, njere imodzi paphando monga mwa Sasakawa.

Koma mapesi! Mtayakhasu wopanda mapesi ndi dzina chabe, chifukwa ndiwo amasunga chinyezi m'dothi lathu lamchengali mvula ikadula mu Januwale. Ndinayala bwinobwino nditangokolola. Pofika Seputembala anyamata osaka mbewa anayatsa moto, munda wonse psiti. Lambulani m'mphepete mwa munda tsiku lomwe mwayala.

Ndinakadandaula kwa anyakwawa. Akuti bwerani Lachisanu m'mamawa, musaiwale chabwalo. Wotenthedwa ndine, wolipira ndine. Tinakhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka, kudikira makolo a anyamatawo, iwo n'kungotuma kamwana kudzanena kuti apita kumaliro. Tsiku lathunthu, mbuzi zanga zili pachingwe osamwa madzi. Mlandu utadzakambidwa, mkulu wina anandifunsa kuti, "Bambo, mapesi n'chinthu chodzadandaulira pano? Si tonse timatentha?" Chigamulo: anyamata apepese. Kupepesako kuphimba nthaka? Chabwalo changa sichinabwerere. Ndinachita kukamweta udzu kudambo n'kulipira ngolo yodzatutira.

Ndikanaiwala za mankhwala. Chaka choyamba udzu umavuta zedi popeza simunaukwirire. Poperani glyphosate, mankhwala opha udzu, udzuwo utamera koma mbewu zisanatuluke, akagwera pa chimanga chomera amachipsereza. Sipuleya yobwereka itsukeni kaye, simudziwa chimene mwini wake anathiramo. Inokyulanti wa soya, amene amathandiza mizu kupanga chonde, musamusiye padzuwa, muja muli tizilombo tamoyo. Sakanizani ndi mbewu pamthunzi, mubzale tsiku lomwelo.

Ndibwerezenso: lambulani. Ndipo musanayale, pemphani anyakwawa alengeze pamsonkhano wa mudzi za moto ndi ng'ombe zongoyendayenda, kuti mlandu ukadzabwera mukhale ndi pogwira.

Mtedza wokha ndiye ndikuukayikirabe pa nthaka yosagalauza. Mukachedwa kukumba dothi n'kuuma, wambiri umaduka n'kutsalira pansi. Chaka chino gawo la mtedza ndiungako timizere, chimanga ndi soya zipitirire pa mapesi.