Lachitatu, tsiku la mabokosi

Ndadzuka tambala asanalire kuti ndione laputopu imene ndinaisiya ikugwira ntchito usiku wonse. Pulogalamu yanga yayesa malamulo ambirimbiri olongedzera katundu, ndipo lopambana onse langofanana ndi lamulo lakale lotchedwa Best Fit. Mtima unagwa pang'ono, koma nditamwa tiyi ndinabwerera pa mpando.

Vutolo, lotchedwa online bin packing, lili chonchi. Uli ndi mabokosi ofanana kukula. Katundu akubwera mmodzimmodzi, ndipo aliyense uyenera kumuika m'bokosi pomwepo, usanaone wotsatira. Ukaika waika, kulibe kutulutsanso. Cholinga n'kugwiritsa ntchito mabokosi ochepa. Mawu akuti online apa sakunena za intaneti ayi, akunena za kusankha usanadziwe chimene chikubwera. Makampani a ma seva amakumana nazo tsiku lililonse akamagawira makompyuta ntchito zimene zikulowa.

Malamulo akale otchuka kwambiri alipo awiri. First Fit imaika katundu m'bokosi loyamba limene akwanemo. Best Fit imasankha bokosi limene litsale ndi mpata wochepetsetsa. Kuyambira m'ma 1970 zimadziwika kuti zikavuta kwambiri, onsewa amatha kudya mabokosi ochuluka ka 1.7 kuposa ofunikadi. Chimene chimandikoka ine n'chakuti kompyuta ipeze yokha lamulo labwino. A ku yunivesite ya Nottingham anaonetsa mu 2006 kuti genetic programming imatha kutero: timapulogalamu tating'ono timapikisana, tofooka timatayidwa, tamphamvu timasakanizidwa kuti tibereke tatsopano. Njira yomweyo ndi imene ndikutsata.

Masana ndinawerenganso za njira yotchedwa FunSearch, imene a kampani ya DeepMind anafalitsa m'magazini ya sayansi ya Nature mu Disembala 2023. Kumeneko wolemba timapulogalamuto ndi language model (pulogalamu ya AI yophunzitsidwa kulemba mawu), ndipo pulogalamu ina imatiyesa n'kusunga tabwino. Lamulo limene anapeza linaposa First Fit ndi Best Fit, ndipo munthu akhoza kuliwerenga mzere ndi mzere. Limaika katundu pothina pokhapokha ngati akwanamo ndendende kapena kutsala pang'ono zedi. Apo ayi, limamuika pamene patsale mpata waukulu.

Ndinatenga pepala kuti ndidzitsimikizire ndekha. Katundu wa 30 wafika, bokosi lina latsala ndi 36, lina latsala ndi 60. Best Fit imuika m'loyamba n'kusiya 6. Ngati katundu wochepetsetsa ndi 20, ka 6 kameneko kafa, sikadzalandiranso kanthu mpaka kalekale. Ukamuika m'lachiwiri patsala 30, ndipo 36 ija ikadalipo kudikira mwini wake. Ndinakhala duu kwa kanthawi. Zaka zonsezi ndinkakhulupirira kuti kuthinitsa ndiye kusunga malo, osaona kuti timipata tosathandiza timeneti ndi timene timadya mabokosi mwakachetechete.

Apa m'pamene ndinaona vuto la pulogalamu yanga. Zida zimene ndinaipatsa zinali kuphatikiza, kuchotsera ndi kuchulukitsa basi. Sindinaipatse njira yonenera kuti "ngati mpata uli pansi pa mwakuti, chita izi". Ikanapeza bwanji lamulo lotere?

Madzulo ndawonjezera chida chimenechi. Ndasinthanso mayeso kuti katundu azikhala wa misinkhu yosiyanasiyana, chifukwa ndikuopa lamulo longoloweza mtundu umodzi wa katundu n'kudzalephera pa wina. Ndaiyatsa 9 koloko, ndipo fani ya laputopu yayamba kale kulira.